Ndinali Dzanja Lamanzere la Ababa

Tendai ndi Chisomo, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinapumira pantchito ndili munthu wamba wopereka nyali, pomwe anzanga amene tinayamba nawo anapuma akutchedwa mabwana. Ndikakuyankhani kuti zinali za zala mumangoseka. Ndiye lero ndilembe bwinobwino, m'Chichewa chomwechi chimene mumachimva koma kuyankha mumayankha m'Chishona. Pomwe mwapunthwa muzifunsana.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 80, kochapira

Ntchito yanga yoyamba inabwera ndi ngozi ya agogo anu, a Phiri, amene inu munkawatchula kuti sekuru. Iwo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nadzagwira ntchito pansi pa mgodi wa golide kufupi ndi Bindura, yoimika mitengo yochirikiza miyala kuti isagwere anthu. Mwala wina sunawathokoze. Unawagwera padzanja lamanzere, ndipo potuluka m'chipatala anali atatsala ndi chala chachikulu ndi kachala kakumapeto basi. Amayi anali atatisiya kale, achimwene anali atalowera ku Harare osatumiza ngakhale moni. Lamulo la pakomboni linali loti nyumba ndi ya munthu wogwira ntchito, choncho kuti tisatulutsidwe anandilemba ine kochapira zovala za mgodi. Tinkachapa nsalu za kuchipatala, maovolosi olimba ndi matope a pansi, ndi matawulo a mabwana, zonsezo pamanja, m'mabeseni asimenti. Wamkulu wathu anali Mai Mutasa, Mshona wamtali wa mawu ngati belu, amene ankaona banga pansalu asanalowe n'komwe pakhomo. Tsiku loyamba anandibwezera mulu wonse kuti ndichapenso, ndipo ndinamutukwana mumtima m'zilankhulo zonse zimene ndinkadziwa. Sindinkadziwa kuti mayi ameneyu ndidzamukonda.

Nyumba tinaipulumutsa, koma Ababa ankatha tikuona. Moyo wawo unali gitala. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, madoda a ku Malawi ndi a ku Mozambiki ankasonkhana kuseri kwa nyumba yathu, pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, Ababa akuwaimbira nyimbo zakwawo, za sitima, za akazi amene anawasiya, za mapiri amene sanadzawaonenso. Itachitika ngozi ija gitala inakhala pamsomali. Ababa anasiya kumeta ndevu, chakudya ankangochilawa, ndipo tsiku lonse ankakhala atayang'ana khoma, dzanja lija atalibisa m'thumba la jekete ngakhale kunja kukutentha. Ndinkachita mantha kuti tsiku lina ndidzabwera kuchokera kuntchito n'kuwapeza atadzichita choipa.

Lamulungu lina a Zuze, mnzawo wa ku Tete amene anali kalipentala wa pamgodi, anatsitsa gitala ija osapempha, naiika pamiyendo ya Ababa. "A Phiri, dzanja lamanja lakulakwirani chiyani? Lamanzere tibwereka." Anayang'ana uku ndi uku, maso awo anagwera ine ndikutsuka mbale. "Naphiri, pukuta manja ubwere kuno."

Anandikhazika pabenchi kumanzere kwa Ababa, dzanja langa lamanzere litagwira khosi la gitala, lamanja nditalipinda kumbuyo. Ababa anayamba ndi kukana, kenako anagwira zala zanga ndi kachala kawo kaja n'kumaziika pansambo chimodzichimodzi. "Dina apa. Ayi, apa! Kodi zala zimenezi n'zako kapena nawenso wabwereka?" Iwo ankamenya nsambo ndi dzanja lamanja, ine ndikudina, ndipo akafuna kuti ndisinthe ankandiponda phazi. Zimene zinatuluka tsiku limenelo sizinali nyimbo, ngakhale nkhuku zinathawa. Koma dzuwa lisanalowe Ababa anapempha lumo lometera.

Amayi akutchalitchi sanachedwe kulankhula. Mwana wamkazi wotha msinkhu kukhala benchi limodzi ndi bambo wake, mapewa kumakhudzana, kwathu n'zosachitika. Ababa atamva anatenga chipewa chawo cholimba cha pamgodi n'kuchiika pakati pathu. "Malire ndi awa. Amene akudandaulabe abwere ndi dzanja lake." Palibe anabwera.

Vuto lenileni linali zala. Mlungu wonse manja anga ankakhala m'madzi a sopo ndi mankhwala oyeretsa nsalu, khungu n'kufewa ngati chinangwa choviika. Lamulungu nsambo zinkalowa m'nsonga za zala ngati mpeni, Lolemba sopo n'kulowa m'mabalamo. Mayo ine! Ndinkachapa misozi ili m'maso, koma kuwauza Ababa sindinkafuna, poopa kuti gitala ibwerera pamsomali. Ndinauza Nachisale, mnzanga wa patebulo lositira, mkazi wosasowa yankho ngakhale pa zinthu zimene sanazionepo. "Ha, zimenezo? Taona zanga izi," anatero akundionetsa nsonga za zala zake, zolimba ngati chikopa cha ng'ombe chifukwa choyesera kutentha kwa simbi. "Moto ndiwo umalimbitsa. Uzingogunda pasimbi n'kuchotsa, tsiku ndi tsiku." Ine ndi phuma langali ndinati za tsiku ndi tsiku zichedwa. Ndinadina zala zonse pasimbi yamoto n'kupirira pang'ono kuti zipse bwino. Kukuwa kwake, Mai Mutasa anatulukira akuthamanga, akuyesa kuti wina wagwera m'madzi otentha. Ataona matuza anagwira m'chiuno. "Unopenga here, mwana waPhiri? Wapenga kodi? Zovala zatha kuti uyambe kusita zala?" Nachisale anali atawerama pamulu wa matawulo ngati sakundidziwa.

Ababa ataona zala zija sanakalipe. Anangoti, "Naphiri, dzanja limodzi ndinalitaya pansi. Lachiwirili usanditayire pasimbi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa matuza.

Matuza atapola anandiyambitsa mwatsopano. Anati zala za woimba zimavala nsapato zake, kakhungu kolimba ka kunsonga, ndipo nsapatozo sizigulidwa kapena kuwotchedwa, zimamera zokha ukamadina pang'ono tsiku lililonse. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe." Tinasiya zodikira Lamulungu. Ndikaweruka ndinkayamba ndadikira kuti manja aume gwa, timwe kaye tiyi, kenako tidine kanyimbo, zala zikangoyamba kuwawa tileke. Zikhadabo za kumanzere ankazifuna zazifupi. Mafuta odzola kunsonga anandiletsa. Kusenda kakhungu kaja kakayamba kukanganuka anandiletsanso, ankati ndizingokasalaza pamwala wokwechera mapazi. Koma nkhondo yaikulu inali pa kadinidwe, chifukwa ine ndinkafinya khosi la gitala ngati ndikufinya thawulo. "Si ovolosi imeneyi! Ika chala pafupi ndi kachitsulo kopingasako, udine mpaka ilire, basi. Mphamvu zotsalazo sungira Mai Mutasa." A Zuze nawo anaitenga gitala n'kukapala ndi tupa kafupa kamene nsambo zimatsamirapo, kuti zitsike pafupi ndi khosi, ndipo Ababa anazimasula zonse pang'ono kuti zisakungike kwambiri. Nyimbo zinatsika mawu, madoda aja n'kukondwa, poti makosi awo anali atatopa kale ndi kukwera. Mai Mutasa anandipezera magolovesi a labala, akuti sakufuna kudzaonanso zamisala pantchito pawo.

Zaka za m'ma 90, masiku okoma

Zimenezi zinali zaka zabwino, ndipo inu munakulira m'phokoso lake. Ndinali nditakwatiwa ndi bambo anu, a Mwale, okonza mapampu, amene pofunsira anauzidwa poyera kuti mkazi atenge koma dzanja lamanzere ndi la a Phiri. Anavomera kudzakhala nafe, akuti chikamwini n'chakwathu ndithu, palibe chachilendo. Kochapira kunabwera makina aakulu, manja ankakhala ouma pafupifupi tsiku lonse, ndipo nsonga za zala zanga zinalimba moti singano ikandilasa sindinkamva. Tinayamba kuitanidwa m'maukwati ku Shamva ndi m'mapulazi a ku Mazowe, anthu akubwera kudzaona gitala yoimbidwa ndi anthu awiri. Pa ukwati wina mayi wina wokalamba anavina mpaka chitenje chinamasuka, kenako anadzagwada pamaso pa Ababa akulira, akuti nyimbo imeneyo anaimva komaliza kwa amayi ake. Ababa anayenda mlungu wonse chifuwa chili patsogolo. Zopondana phazi zinatha, ndinkangomva pakapumidwe kawo kuti apa tisintha.

Tsiku lina Ababa atapita kumsika, bambo anu anati, "Mayi a Tendai, zaka zonsezi theka la gitala? Tayesani nokha." Ndinaiika pamiyendo, ndinamenya ndi chala chachikulu, ndipo ngakhale zinali zokhotakhota nyimbo inamveka. Ndikutukula maso, Ababa ali pakhomo ndi kamtolo ka ndiwo zamasamba m'manja. Anamwetulira, koma kumwetulira kwa munthu amene wauzidwa kuti ntchito yatha. "Wayamba kuimba wekha. Zabwino zimenezo," anatero, nalowa kuchipinda. Tsiku limenelo sanadye. Ndinamva chisoni ndi manyazi, ndipo ndinalumbira mumtima kuti dzanja langa lamanja silidzakhudzanso nsambo iwo ali moyo. M'mawa ndinawauza kuti zandikanika, dzanja langa lamanja n'lopusa. Anandiyang'ana, anadziwa kuti ndikunama, nati, "N'zoona, n'lopusa. Tenga benchi."

Zaka za mashopu opanda kanthu

Inu zaka zimenezi mumazikumbukira ndi mizere ya buledi. Ine ndimazikumbukira ndi sopo. Makina aja anafa motsatizana, zitsulo zake osapezeka, tinabwerera m'mabeseni asimenti. Magolovesi anatha. Sopo amene ankabwera anali wophikidwa m'makomo, wodzaza soda woluma, ndipo ankadya khungu tikuona. Nsapato za zala zanga, zimene ndinazisamala zaka zonsezo, zinasungunuka, nsonga zinang'ambika mpaka kutuluka magazi. Nsambo nazo zikaduka kunalibe kogula, a Zuze ankachita kumasula waya wa mabuleki a njinga, wouma komanso wakuthwa. Ndinayesa kumanga zala ndi pulasitala, gitala inkangolira ngati yadwala chimfine. Ndinayesa kupirira, magazi anadetsa khosi la gitala. Ababa anaona, anaichotsa okha pamiyendo n'kukaipachika pamsomali.

Anali atakalamba tsopano, chifuwa cha fumbi la pansi chikuwavuta. Malamulungu anakhala zii. Madoda otsala ankabwera, kukhala pang'ono, kufunsana za matenda, n'kumwazikana. Ndevu zinayambanso kumera, dzanja lija linabwerera m'thumba la jekete. Ndinali nditazionapo kale zimenezi, ndipo ndinadziwa kuti pamsinkhu umenewu akagwa sadzadzukanso.

Nthawi yomweyo Mai Mutasa anandiitanira m'kaofesi kawo. Anali pafupi kupuma pantchito, ndipo anali atauza mabwana kuti ndilowe m'malo mwawo. Koma m'zaka zimenezo ukulu wa kochapira unali kuchapa kuposa onse, chifukwa atsikana ambiri anali atathawira kukaoda malonda ku Joni ndi ku Mozambiki. Mlungu womwewo ndinamva kuti ku marambi, nyumba imene anthu otsika pansi amatengerako nyali za pachipewa, kukusowa munthu, poti anyamata anali atapita kukakumba golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe. Ntchito yake inali kupereka nyali, kuzilandira, kuzipukuta ndi kuzitchaja. Giredi yake inali yapansi kuposa imene ndinali nayo, yoyambira ongochoka kusukulu. Koma manja ankakhala ouma.

Mai Mutasa atamva anamenya tebulo. "Mai Tendai, ine ndakuvutikira kwa mabwana, iwe ukufuna kukapukuta marambi? Penshoni yako idzatsatira giredi yomaliza. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, Mai."

"Nekuda kwegitare? Gitala basi?"

"Chifukwa cha Ababa."

Mai Mutasa anati misala yanga inayambira pasimbi ndipo sinapole. Koma anadzuka okha kukandilankhulira kwa foromani wa ku marambi, akung'ung'udza njira yonse. Ukulu uja unapita kwa Nachisale, ndipo anaugwira bwino, ndisaname.

Kunyumba kunavuta kwambiri. Bambo anu sanali munthu waukali, koma tsiku limenelo anakweza mawu. "Ana ali pasukulu, mkazi wanga. Tidya nyimbo?" Sankalakwa ayi, ndipo iwe Chisomo ukudziwa kuti unavala yunifolomu imodzi mpaka inatha mtundu chifukwa cha zimene ndinasankhazo. Ndinawayankha kuti ukulu ndingaupeze kapena ndisaupeze, koma bambo ndili nawo mmodzi, ndipo akutha. Anatuluka kukakhala pansi pa mapeyala. Pobwerako anali atanyamula ndowa ya madzi, nati kuyambira lero mbale ndi zovala zapakhomo azichapa iwo ndi inu, mpaka zala zipole. Anthu a pakomboni ankawaseka kuti ndawadyetsa kondaine. Iwo ankangoyanika zovala akuimba mluzu.

Amene anakalipa kwambiri anali Ababa. "Wakutuma ndani? Ine ndi munthu wakufa kale, iwe ukutaya ubwana chifukwa cha mtembo?" Ndinawasiya alankhule mpaka chifuwa chinawaletsa. Sanandilankhulitse kwa masiku. Patapita nthawi, tikumwa tiyi wopanda shuga, anatambasula dzanja osandiyang'ana. "Tione." Anasisita nsonga za zala zanga ndi chala chawo chachikulu, chimodzichimodzi. "Zikadali zanthete. Tiyamba ndi kanyimbo kakafupi." Gitala ija ndinakaitsitsa ndekha pamsomali.

Ku marambi, mpaka kupuma

Ku marambi ndinakhalako mpaka ndinapuma, ndipo sindinanong'oneze bondo. Foromani anali mwana woti ndikanamubereka ine, ankachita manyazi kundituma, ndiye ndinkadzituma ndekha. Anthu a pansi ankanditchula kuti gogo wa marambi, ndipo aliyense potenga nyali ankayamba wandiuza za kunyumba kwake. Wokangana ndi mkazi wake ndinkamudziwa pongoona katengedwe ka nyali, ndinkamuuza kuti mkwiyo ausiye pawindo langa, adzautenge potuluka. Ambiri ankauiwala. Mashopu atadzazanso, iwe Tendai unatigulira nsambo zofewa ku Harare. Ababa anaziyesa nati n'za ana, koma sanalole kuti zichotsedwe. Tinaimba zaka zina zingapo, Lamulungu lililonse, mawu awo akuchepa koma dzanja lamanja likadali lolongosoka. Lero ndili m'kanyumba kathu ku Chiwaridzo, penshoni ndi yochepadi monga ananenera Mai Mutasa, koma mtima uli m'malo. Mutandifunsa ngati ndingasankhenso chomwecho, ndingasankhe ndithu, kungochotsako za simbi zija.

Chatsala ndi tsiku la maliro a Ababa, limene inu munalionera patali muli kalikiliki ndi alendo, ndipo mpaka lero mumati mayi anagwidwa ndi chisoni n'kulephera kuimba. Sizinali choncho. Bokosi litatsitsidwa, a Zuze, atatsamira ndodo, anatuma anthu kuti abweretse mpando ndi gitala pambali pa dzenje. "Naphiri, mnzanga asapite chete." Ndinakhala, gitala anaiika pamiyendo yanga, dzanja lamanzere linapita lokha pamalo pake. Lamanja ndinalikweza pamwamba pa nsambo, losadziwa poyambira. Bambo anu anawerama n'kunong'ona, "Ndimenye ine?" Ndinapukusa mutu. Malo amenewo mwini wake anali asanakwiriridwe n'komwe.

Ndiye ndinatsitsa dzanja lamanjalo n'kungodina. Ndinaika zala poyambira nyimbo imene ankaikonda kwambiri, ndinasintha, ndinasinthanso, nsambo osalira ngakhale pang'ono. Anthu anayang'anana. Koma a Zuze ndi madoda ochepa otsalawo anali ataonera zala zimenezi kwa zaka zambiri. Anaziyang'ana, a Zuze anakoka mpweya, nayamba kuimba pamalo pake penipeni. Enawo anatsatira, kenako amayi akutchalitchi, kenako khamu lonse. Ndinawatsogolera choncho ndime zonse, mafosholo akugwira ntchito, gitala ili chete. Nyimbo itatha a Zuze anapukuta maso ndi mkono wa jekete, natembenukira kwa anzawo.

"Aimba bwino a Phiri lero."